Madzi afika m'khosi: ndibweze ngongole pang'onopang'ono kapena ndipite kukhoti?

Wa pa Chitakale:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndinkapanga geni yooda chimanga ndi nyemba ku Muloza kukagulitsa ku Limbe, ndiye namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 madzi analowa mu sitolo, matumba 40 kuwola ndikuona. Mu Novembala kwacha inagwanso ndi 44%, kampamba kotsalako sikanagulenso kanthu. Pano kubanki ndili ndi ngongole ya K2.8 miliyoni, kubanki mkhonde K400,000, ndiye palinso katapila wa K300,000 yemwe waberekana kufika K900,000. Foni ikangolira mtima umangoti phaa, tulo sindikuliona. Mnzanga akuti ndipite kukhoti akandilengeze kuti ndine bankirapti ngongole zonse zife. Zoona zimenezi?

Mlongo wa ku Luchenza:
Achimwene pepani kwambiri. Koma ya banki mkhondeyo chonde musaiyike pamodzi ndi zinazo, zimenezo ndi ndalama za azimayi anzathu othyola tiyi omwe akudikira kugawana mu Disembala agule feteleza. Kugulu kwathu mayi wina anangobwera kudzakhala pamkeka kufotokoza mavuto ake misozi ili mbwee, tinamuimitsira chiwongola dzanja n'kumabweza K20,000 pamwezi mpaka anamaliza. Koma akanathawa tikanakazula malata.

Bambo a pa Thyolo boma:
Lamulo lilipodi, Insolvency Act ya 2016, lokhudza anthu olephera kubweza ngongole, koma mnzanuyo wakuuzani theka. Nkhani zimenezi zimapita ku High Court, kwa ife kuno ndiye ku Blantyre, ndipo loya ndi mapepala zimafuna ndalama zomwe mukusowazo. Akakulengezani katundu wanu amapita m'manja mwa munthu woikidwa ndi lamulo, amagulitsa n'kugawira omwe munawakongola, njinga yamoto kaya puloti ngati muli nayo iwalani. Pa nthawi imeneyo simungakhale dayirekita wa kampani, ngakhale kuimira uphungu simungaloledwe, komanso dzina likalowa ku credit reference bureau, komwe amasunga mbiri ya anthu pa nkhani ya ngongole, banki iliyonse imaliona. Pa ndalama mwatchulazi ine ndikuona kuti mungaluze zambiri kuposa zomwe mungapulumutse. Pitani kubanki nokha masherifu asanabwere, mulembe kalata yopempha akuonjezereni nthawi yobwezera, musunge kope. Za katapilayo kaonaneni ndi a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa nkhani za malamulo, khoti limatha kudula chiwongola dzanja chopitirira muyezo.

Wakabaza wa ku Bvumbwe:
Wakatapila ndi amene muyambe naye akulu, ameneyo ndi bala lomwe likutuluka magazi. Ine anandilanda ATM khadi miyezi 7, malipiro akalowa amayamba iye kutapa. Ndinagulitsa mbuzi 4, ndinapita ndi amfumu ngati mboni tinagwirizana ndipereke mpamba ndi kapamwamba pang'ono, tinasainirana pompo basi.

Wa pa Chitakale:
Zikomo nonse. Njinga ndili nayo, ndagwirizana ndi mayi a kunyumba kuti tiigulitse titseke katapilayo. Lachinayi kuli msonkhano wa gulu la banki mkhonde ndikaonekera ndekha. Bambo a ku Thyolo, kalata ya kubankiyo ndilembe m'Chingerezi kapena Chichewa chomwechi alandira?