Ranger 3.2 ya 2014 yotchipa kapena Hilux 3.0 yakale yodula: yogula ndi iti?

Kafunsefunse: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pali mapikapu awiri a double cab, onse a dizilo. Ina ndi Ford Ranger 3.2 ya 2014, ya otomatiki, yayenda makilomita 210,000. Inayo ndi Toyota Hilux 3.0 D-4D ya 2012, giya yamanja, makilomita 280,000. Hilux ndi yakale, yayenda kwambiri, koma ndi yomwe ikudula. Ntchito yake ndi kunyamula katundu pamsewu wa tala ndi wafumbi womwe. Kutchipa kwa Ranger kumeneku ndi mwayi kapena msampha?

Sipanala17: Achimwene, musanafunse za mtengo funsani kuti oyilo amamusintha ndani. Injini ya 3.2 ili ndi masilinda asanu, imakoka zedi, 470 Nm, ndipo imayendera tcheni osati lamba. Vuto lake lili pa pampu ya oyilo. Mukatsegula sampu (mphika wa oyilo wa pansi pa injini) n'kusiya oyilo akudontha nthawi yaitali, pampu imauma m'kati, ndiye mukathira watsopano imalephera kumukoka. Mukaliza injini imayenda youma, mabeyaling'i n'kutha m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake odziwa injiniyi amati kuchokera potsegula sampu kufika pothira oyilo watsopano zisapitirire mphindi 10. Makaniko amene amatsegula sampu n'kupita kukagwira galimoto ina ndiye amapha 3.2. Mukaliza pambuyo pa sevisi, nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani pompo, osaponda moto kuti mwina ikoka.

Pampuyi imathanso kufa yokha makilomita akachuluka. Ambiri amaichotsa n'kuikapo ya mtundu wa magiya imene siuma. Ngati mwiniwake ali ndi lisiti yosonyeza kuti zimenezi zinachitika, galimotoyo ndi yoti n'kukambirana.

Mayi Dizilo: A Sipanala anena zoona koma asiya china chimene chimagwetsa 3.2 zambiri, EGR cooler. Utsi wina wa injini umabwezedwa kuti ukapsenso, ndipo usanalowe umadutsa m'kabokosi kozizira ndi madzi a redieta. Kabokosiko kakang'aluka m'kati, madzi amalowa mu injini n'kutuluka ngati nthunzi. Pansi simuona dontho ngakhale limodzi. Madzi amangochepa pang'onopang'ono mpaka tsiku lina injini yawira, hedi yapindika. Choipa n'chakuti madzi akatheratu, geji ya kutentha imatha kukunamizani chifukwa sensa yake ilibe madzi oti iyeze.

Poyesa chitani izi. Injini ili yozizira, lembani chizindikiro pa botolo la madzi. Yendani makilomita 30 kapena kuposa, pakhale ndi chitunda. Idikireni izizirenso, muone ngati madzi atsika. Chachiwiri, makaniko apope mphepo m'njira ya madzi ndi kapampu koyezera, aisiye mphindi 15. Muvi ukatsika koma panja pali pouma, madzi akuthawira m'kati. Muonenso paipi yaikulu ya rabala yochokera ku intercooler, chipangizo choziziritsa mpweya wolowa mu injini. Imang'ambika, ndipo mumadziwa ndi utsi wakuda, mphamvu kuchepa ndi kamluzu poponda moto. Paipiyo ndi nkhani yaing'ono, musathawe galimoto chifukwa cha iyo.

Nyundo: Ndiye mwamva nokha. Tengani Hilux mugone tulo.

Sipanala17: Ayi bambo, tulo take tilipo pokhapokha mutaona m'sampu. Anthu amagula dzina la Hilux n'kuiwala kuti injini yake, 1KD-FTV, ili ndi nthenda yakeyake. Pansi pa injekita iliyonse pali kawasha kotseka kuti mpweya wa moto usakwere. Kawashako kakatha, mpweya ndi mwaye zimadutsa n'kusakanikirana ndi oyilo pamwamba pa injini. Oyilo amapanga zibuma zakuda ngati makala, zibumazo zimatsikira m'sampu n'kutseka kasefa kamene pampu imakokera oyilo. Kunja injini imamveka bwinobwino mpaka tsiku limene yanoka. Chikomekome cha mkuyu chenicheni.

Kuona kwake n'kosavuta. Potsitsa oyilo lowetsani kakamera ka chingwe pabowo la sampu, muyang'ane kasefako. Mabowo ake aziwoneka. Akakhala omatika ndi zakuda, sampu ichotsedwe, kasefa katsukidwe kapena kasinthidwe, mawasha onse anayi asinthidwe. Ndipo kutsuka kasefa osasintha mawasha ndi kungotaya nthawi, chifukwa gwero lake ndi mawashawo.

Kadzidzi: Ndiwonjezere pa 1KD. Pa makilomita 280,000 ngati mainjekita ndi omwe inabwera nawo, atopa. Injekita yotopa siwaza dizilo bwino, imathira pamalo amodzi, pisitoni n'kupsa mpaka kung'aluka. Ma 1KD ena amadziwika ndi kung'aluka mapisitoni ngakhale popanda chifukwa chimenechi, makamaka amene anawonjezeredwa mphamvu pa kompyuta. Zizindikiro: kugogoda kwambiri m'mawa injini ili yozizira, kunjenjemera ikangoima ikulira, ndi utsi woyera poliza.

Musadalire khutu lokha. Ikani kompyuta yoyezera muone manambala amene injini ikuwongolera silinda iliyonse. Pa 1KD ayenera kukhala pakati pa -3.0 ndi +3.0. Muwerenge kawiri, yozizira ndi yotentha, chifukwa injekita yoipa imadziulula kwambiri m'mawa. Wogulitsa akakuuzani kuti mubwere masana, n'kuipeza injini ili kale yofunda, pemphani tsiku lina. Gwirani ndi dzanja musanalize.

Mainjekita akasinthidwa, manambala olembedwa pa iliyonse alowetsedwe m'kompyuta ya galimoto. Osangomanga n'kuliza.

Nyundo: Zonsezo ndikuvomera, koma yang'anani kusiyana kwake. Nthenda za Hilux zimaoneka zisanaphe injini, ndipo pafupifupi makaniko aliyense wa dizilo anaitsegulapo. Masipeya ake sasowa. Ranger imafuna munthu amene amaidziwa, ndipo zamagetsi zake ndi zambiri. Pogulitsanso, Hilux sikhalitsa pamsika. Mtengo wokwerawo mudzaupeza pogulitsa.

Mayi Dizilo: A Nyundo, kugulitsa n'kwa mtsogolo, pano tiyeni tiwerenge zimene zikumudikira munthuyu chaka choyamba. Lamba wa timing pa 1KD amasinthidwa pa makilomita 150,000 alionse. Galimotoyi ili pa 280,000, kutanthauza kuti wachiwiri watsala ndi 20,000 basi, ngati woyambayo anasinthidwadi. Nyali ya T-BELT pa dashibodi isakunyengeni, imazimitsidwa ndi kabatani lamba asanakhudzidwe. Posintha, tensioner (chokungira lamba) ndi kagudumu kake zipitire limodzi. Onjezani mainjekita anayi, mwinanso kilatchi popeza ndi ya giya yamanja. Ndiye galimoto imene yadula kale pogula ikufunanso ndalama pamwamba. Ine pamenepa sindikuona kuti Hilux yapambana poyera.

Kafunsefunse: Zikomo nonse. Nanga giya ya otomatiki ya Ranger? Ena akuti oyilo wake sasinthidwa mpaka kale.

Sipanala17: Mawu amenewo ndi amene amapha magiyabokosi. Ya Ranger imeneyo ndi 6R80, ya magiya asanu ndi limodzi, yolimba ndithu, Ford inaiikanso m'magalimoto aakulu kuposa Ranger. Koma oyilo aliyense amapsa, makamaka pokoka ngolo kapena pokwera zitunda ndi katundu. Kwa ine, galimoto yogwira ntchito yolemera isapitirire makilomita 60,000 mpaka 80,000 osasintha oyilo ndi fyuluta, ndipo oyilo wake ndi Mercon LV, osati aliyense wofiira. Pansi pa boneti mulibe choyezera. Chili pambali pa giyabokosi penipeni, pafupi ndi paipi ya utsi, ndipo amayeza injini ikulira, oyilo ali wotentha. Samalani dzanja.

Poyesa pamsewu, yambani ili yozizira. Kuchoka pa P kupita pa D kapena R isachedwe kugwira, isagunde. Ikatentha yendani pa 80 mpaka 100 mukuponda moto pang'ono. Mukamva kunjenjemera ngati mwaponda msewu wa mabampu ang'onoang'ono, ndi torque converter, chimene chimalumikiza injini ndi giyabokosi ya otomatiki. Ikamatsika giya yokha mwadzidzidzi, kapena muvi wa liwiro kugwa n'kudzukanso, kawirikawiri ndi mbale ya masensa ya m'kati imene amati lead frame. Oyilo akakhala wakuda wonunkha kupsa pa 210,000, musaganize kuti kusintha kudzakonza. Zotha zatha kale.

Chitsulo: Nonsenu mukukamba injini, palibe wagwada pansi. Pikapu imafera ku tchesisi. Injini mungasinthe, tchesisi yopindika kapena yodyeka ndi dzimbiri ndiye basi.

Imani kumbali, patali pang'ono, muyang'ane mpata wa pakati pa kabini ndi bodi ya katundu. Uzikhala wofanana pamwamba ndi pansi. Pamwamba pakatseguka kwambiri, tchesisi yapindika kumbuyo kwa kabini. Pa double cab zimachitika chifukwa bodi yambiri ili kumbuyo kwa ekiselo, ndiye katundu wolemera akaikidwa kumapeto n'kumenya dzenje, chitsulo chimagonja. Amene amaika zibaluni za mphepo pamwamba pa masipuling'i kuti galimoto isakhale pansi amawonjezera vutoli, chifukwa kulemera konse kumakankha malo amodzi amene sanapangidwire zimenezo. Ndipo tani imodzi imene amati pikapu inganyamule ija ikuphatikiza anthu okwera ndi zonse zimene munamangirira pagalimoto.

Tengani kanyundo mugogode tchesisi kuyambira pakati mpaka kumbuyo, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimamveka ngati mwagogoda thabwa lonyowa. Penti wakuda watsopano pansi pa galimoto ya zaka zoposa 10 akubisa kanthu. Ndipo musati dzimbiri limasankha dzina. Nissan Navara D40 inatchuka ku Britain ndi kuthyoka tchesisi pakati, mpaka kampani inagulanso zina kwa eni ake. Toyota nayo ku America mu 2016 inavomera kulipira pa mlandu wa dzimbiri la tchesisi pa Tacoma, Tundra ndi Sequoia. Galimoto iliyonse yochokera kumene amathira mchere pamsewu nthawi ya chisanu, kapena yokhala m'mphepete mwa nyanja ya mchere, iyang'anidwe kawiri.

Kadzidzi: Muli pansi pomwepo, gwedezani propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku matayala a kumbuyo. Pa double cab ili ndi beyaling'i pakati yokhala mu rabala, ikatha galimoto imanjenjemera ponyamuka. Onani masipuling'i ngati palibe tsamba lothyoka kapena lowongoka. Kutsogolo, kwezani ndi jeke mugwedeze tayala pamwamba ndi pansi kuti mumve ma ball joint. Ngati ndi 4x4, lowetsani 4H ndi 4L (magiya oti matayala onse anayi azikoka) pa dothi, osati pa tala wouma. Magalimoto awiriwa alibe difu yapakati, ndiye kuyenda mu 4H pa tala kumamanga magiya mpaka china chithyoke.

Nyundo: Bwanji osangowonjezera ndalama n'kutenga Hilux 2.8 ya 2016 kupita mtsogolo? Ili ndi tcheni, nkhani ya lamba yatha.

Mayi Dizilo: Lamba watha, DPF yabwera, malinga ndi dziko limene galimotoyo inapangidwira. DPF ndi sefa ya m'paipi ya utsi yogwira mwaye, ndipo imadziyeretsa pouwotcha pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600. Kuti zitheke galimoto iyende ulendo wotalikirapo osaima. Ya maulendo afupiafupi imatsekeka. Ku Australia nkhani ya DPF ya 2.8 inafika kukhoti, yokhudza magalimoto a pakati pa 2015 ndi 2020, ndipo mu 2018 Toyota inayamba kuika batani loti dalaivala aziwotcha yekha. Imafunanso oyilo wosasiya phulusa lambiri ndi dizilo wa sulufule wochepa. Mukathira oyilo wamba, phulusalo silipsa, limangodzaza sefa. Choncho funsani kaye ngati galimoto ili ndi DPF, ndipo funso lomwelo lipite kwa Ranger, chifukwa zimasiyana malinga ndi msika. Za Ranger 2.0 ndi nkhani ina, pa zimene zili ndi lamba wa timing, lambayo amayenda m'kati mwa oyilo ndipo akayamba kunyenyeka amatseka kasefa ka pampu.

Chitsulo: Bwererani pa awiri aja amayi, munthu asasokonezeke.

Mayi Dizilo: Chabwino. Ine Ranger ndingatenge pa zifukwa zitatu zokha: mayeso a madzi atuluke bwino, oyilo wa giya akhale woyera, ndipo pakhale umboni wa amene amaichita sevisi. Ndalama yotsala pa kusiyana kwa mtengo ipite pa pampu ya oyilo ndi EGR cooler zisanafe. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, isiyeni.

Nyundo: Ine ndikadali pa Hilux, bola kasefa ka m'sampu kakhale koyera ndipo manambala a mainjekita akhale m'malire. Koma ndavomera kuti mtengo utsike ndi ndalama ya lamba.

Sipanala17: Iliyonse imene mungatenge, mdani wa onse awiri ndi madzi a m'dizilo. Common rail, njira yoperekera dizilo ku mainjekita pa injini zonse ziwirizi, imapopa mafuta pa mphamvu yoposa 1,500 bar, ndipo dizilo yemweyo ndiye amateteza pampu ndi mainjekita kuti zisadyane. Madzi pang'ono amabweretsa dzimbiri m'kati, tizitsulo n'kumwazikira njira yonse, kukonza kwake n'kusintha pampu, mainjekita ndi kutsuka thanki. Poyang'ana galimoto, tsitsani mafuta pang'ono pansi pa fyuluta muthire m'botolo loonekera. Madzi amakhala pansi, ndipo tizitsulo timanyezimira mukaunika ndi tochi. Mukagula, ikani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi fyuluta ya kampani.

Kafunsefunse: Nanga wogulitsa akakana kuti makaniko atsitse oyilo kapena aike kompyuta?

Kadzidzi: Muuzeni kuti oyilo watsopano ndi fyuluta mugula ndinu, mugule galimoto kapena ayi. Pa Hilux ndi malita pafupifupi 7, pa Ranger 3.2 pafupifupi 10. Akakanabe zimenezo, pali chimene akudziwa. Ndipo ngati ndi Ranger imene mukutsitsa, oyilo watsopanoyo akhale pambali, botolo lotsegula kale, musanamasule nati ya sampu.