Layisensi ya njinga yamoto yaikulu kwa mzika ya Mozambique yokhala ku Nchalo

Abale, amene munayendapo njira imeneyi tithandizeni. Alamu athu ndi a ku Mutarara ku Mozambique, koma amakhala ku Nchalo ndipo pasipoti ndi chilolezo chokhalira m'dziko muno ali nazo. Layisensi yawo ndi ya kwawo, ya A1, yomwe malire ake ndi 125cc. Njinga agulayi ndi ya 200cc, choncho ikufunika ya A.

Kodi ku Road Traffic ku Blantyre amayamba asintha ya ku Mozambique ija kukhala ya kuno kenaka n'kukweza, kapena munthu amayambiranso pa lena, kuyezetsa maso ndi mayeso a Highway Code? Nanga poti chiphaso cha unzika alibe, mu MalTIS, kaundula wa pa kompyuta wa Road Traffic, amawalembetsa ndi pasipoti yokha?

Chomwe chatiimitsa mutu kwambiri ndi mayeso oyendetsa. Ngati amayesa pa njinga yako yomwe, ikafika bwanji kumeneko? Kukwera nayo Thabwa popita ku Blantyre ndi layisensi ya A1 n'kulakwira lamulo, ndipo itachitika ngozi a inshulansi angathe kukana kulipira poti layisensi siyogwirizana ndi injini. Tiikweze pa lole, kapena sukulu zoyendetsa zimabwereketsa yawo? Mutiuzenso ndalama zomwe munalipira chaka chino.