Thandizeni: pulani ya mawaya ya A1 pa laputopu yaing'ono

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndine wa zamagetsi, ndapeza ntchito yoika mawaya m'nyumba yosanja. Injiniya wanditumizira pulani pa PDF, kukula kwake A1 (pepala lalikulu la mapulani), pomwe laputopu yanga ndi ya mainchesi 14 basi.

Ndikaitsegula yonse, zilembo zimangooneka ngati nyerere, soketi ndi switchi osasiyana. Ndikaikulitsa ndiye ndimasochera. Ndimayamba bwinobwino kutsata mzere kuchokera pa DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba), pofika pakhonde ndimapeza mizere inayi yayendera limodzi, wanga uja sindikumudziwanso. Kabokosi kofotokoza zizindikiro nako kali pakona yapansi, ndiye ndimangokhalira kupita ndi kubwera. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti mapaipi akalowa m'khoma n'kupaka pulasitala, kukonza kwake n'kugumula, ndipo ndalama zake ndi za mwini nyumba. Anzanga mumatani?

Mayankho

- Achimwene, yambani mwayesa Ctrl+F mulembe DB. Ikapeza, kawirikawiri ndiye kuti PDF yanu yachokera mu pulogalamu yojambulira mapulani ngati AutoCAD, mutha kuikulitsa mmene mungafunire osawonongeka. Ikalephera, mwina ndi sikani chabe, apempheni ina. Muwauzenso aisunge ndi ma layer kuti muzizimitsa mipando ndi miyeso, mutsale ndi mizere ya magetsi yokha.

- Mu Adobe Acrobat Reader pitani pa View, Zoom, kenako Pan & Zoom. Pamatuluka kawindo kosonyeza pulani yonse, ndi kabokosi kolozera pomwe muli. Kusochera kumathera pomwepo. Poyendayenda gwirani space bar n'kumakoka ndi mausi, touchpad imatopetsa.

- Bambo, TV ya kunyumba ija ilumikizeni ndi HDMI, mudine Windows ndi P, musankhe Extend. Pulani pa TV, zizindikiro pa laputopu.

- Ine ndikuti sindikizani. Kusaiti kuli fumbi la simenti, laputopu siichedwa kufa. A1 ndi 594 x 841 mm, ofanana ndi mapepala 8 a A4, koma ndi m'mphepete momatira amaposa pamenepo. Posindikiza sankhani Poster, mumate ndi selotepi, seketi iliyonse muidutse ndi highlighter ya mtundu wake.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Ctrl+F yaipeza DB, ndipo Pan & Zoom ndaiona. Bambo a Poster, sikelo ya 1:100 imakhalabe yolondola mukamata? Ndimayeza utali wa waya ndi rula pa pepala pomwepo.

- Pa Poster pomwepo siyani Tile Scale pa 100%, mukamata muyeze chipinda chimodzi chomwe muyeso wake walembedwa. Mamita 4 akhale masentimita 4 pa rula.