Mtengo wa pageti ukuuma nsonga, ndithandizeni abale

Membala wosadzitchula dzina: Abale a kuno ku Joni, tulo tandithawa. Ndimasamala nyumba ina ku Craighall Park, eni ake ali kunja mpaka Disembala. Mtengo waukulu wa pageti wayamba kuuma nthambi za kunsonga, khungwa likusupuka mbali imodzi. Woyandikana nafe akundikalipira tsiku ndi tsiku ati masamba akumudetsera dziwe losambira, chonsecho galu wake ndi amene amandifukulira maluwa. Malipiro a mwezi watha sanalowebe, ndiye ukagwera mpanda mlandu udzakhala wanga. Ndiziuthirira kwambiri kapena ndingougwetsa?

Wamaluwa wa ku Randburg: Achimwene, za galu tamva, koma ndi mtengo wanji? Uno ndi Ogasiti, mitengo ngati oak ndi London plane imakhala itayoyola masamba ndi chisanu. Palani kanthambi pang'ono ndi mpeni. Pansi pa khungwa pakakhala pobiriwira ndi ponyowa, kali moyo. Pakakhala pofiirira ndipo kakungothyoka osapindika, kafa. Yesani nthambi zisanu mbali zosiyanasiyana.

Wodula mitengo wa ku Rosettenville: Musataye nthawi ndi tinthambi! Dera limenelo lavutika ndi shot hole borer, kachilombo konga nankafumbwe, kotalika mamilimita 2 okha. Kanapezeka koyamba m'dziko muno mu 2017 ku Pietermaritzburg. Kamaboola thunthu n'kudzala nkhungu yotchedwa Fusarium m'njira zake, nkhunguyo imatseka mitsempha ya madzi, n'chifukwa chake mtengo umayamba kufera kunsonga. Yang'anitsitsani thunthu: timabowo tonga nsonga ya bolopeni, utuchi wosalala ngati ufa, ndi madontho onyowa kapena utomoni kuzungulira bowo.

Mayi wa ku Yeoville: Inu chilichonse ndi borer basi? Mwina ndi chiswe. Aone ngati pali tinjira ta dothi pakhungwa, akawazepo mankhwala.

Wodula mitengo wa ku Rosettenville: Mayi, mankhwala owaza pamwamba safika kwa kachilombo kali m'kati mwa thunthu. Ndalama zingopita pachabe.

Wamaluwa wa ku Randburg: Nonse mukukangana za tizilombo, munthu akuopa mpanda. Zoopsa zili pansi. Onani patsinde ngati pamera bowa wolimba wonga mbale, chimenecho ndi chizindikiro choti m'kati mwaola. Gogodani ndi mpini. Kulira ngati ng'oma ndiye kuti muli mphako. Dothi likatukuka kapena kung'aluka mbali imodzi ndipo mtengo wayamba kupendekeka, mizu yasiya kugwira. Pamenepo chotsani galimoto ndi ana, itanani katswiri wa mitengo mvula yamkuntho ya Okutobala isanayambe. Ndipo musakhuthulire madzi patsinde, mizu yodwala imaolerako. Thirirani motalikira, pamene nthambi zalekezera.

Mnyamata wa ku Diepsloot: Mukagwetsa mundiuze, ndibwera ndi bakkie (pikapu) kudzatenga nkhuni.

Wodula mitengo wa ku Rosettenville: Ayi ndithu mphwanga! Umo ndi momwe kachilomboka kakufalikira, pa nkhuni. Mtengo wogwidwa umagayidwa pomwepo tizidutswa tosapitirira masentimita 5, n'kumangidwa m'pulasitiki padzuwa masabata osachepera 6, nyengo yozizira miyezi ingapo. Sowo ndi chikwanje muzitsuke ndi Jik musanakhudze mtengo wina.

Agogo a ku Turffontein: Ana inu, wina wafunsa kuti mtengowo uli mbali iti ya mpanda? Ukakhala kunja, m'mphepete mwa msewu, ndi wa mzinda. Amauyang'anira ndi a Johannesburg City Parks and Zoo, ndipo kuudula popanda chilolezo ndi mlandu. Ukakhala m'kati, mwini nyumba ndiye alamule, mumulembere pa WhatsApp ndi zithunzi kuti umboni ukhalepo. Nthambi zikakhala pafupi ndi mawaya a magetsi, musakwere n'komwe.

Membala wosadzitchula dzina: Zikomo nonse. Utuchi ndauona patsinde, bowa palibe. Woyandikana nafe uja wabweranso m'mawa uno.

Wamaluwa wa ku Randburg: Achimwene, musiyeni kaye ameneyo. Jambulani tsamba limodzi mwa ogwawo, khungwa chapafupi, ndi mtengo wonse pamodzi ndi mpanda, mutiponyere pano.