Ndithandizeni maganizo: akunditsatsa malo m'mbali mwa njanji ku Moatize, akuti kukubwera sitima ya m'tauni

Nachisale wa ku Ulongué:
Moni nonse a m'gulu muno. Pepani ndilemba zambiri, koma mutu wanga waima ndipo Loweruka likubwerali anthu akufuna yankho langa.

Kwathu ndi ku Ulongué koma ndikukhala ku Matundo mumzinda wa Tete, chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Ndimapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Angónia n'kumagulitsa mumzinda muno. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikuponya ndalama ku xitique, kosonkherana mosinthana, ndi anzanga a pamsika, ndipo ndasonkhanitsa 90,000 meticais. Ndatopa ndi lendi, ndikufuna panga.

Mwezi watha alamu anga, akulu awo a bambo a kunyumba, anabwera ndi mnzawo wina wovala bwino. Akuti pali malo ku Moatize pafupi ndi njanji. Akuti boma lili pa kalikiliki kukonza sitima ya m'tauni yoti izinyamula anthu pakati pa Moatize ndi Tete kuti tisiye kupanikizana m'machapa, maminibasi athu aja, ndipo siteshoni ina idzakhala cha pomwepo. Anandionetsa chithunzi pa foni, sitima yoyera mbee ya magalasi akuluakulu. Anati siteshoni ikabwera ndidzamanga timashopu ta lendi, ndipo boma likadzafuna malowo lidzandipatsa chipukuta misozi chonona. Uku ndapata, uku ndapata.

Lamlungu ndinakaona. Ndi pouma, pali mtengo umodzi wa masawu ndi zikhomo zinayi zopaka utoto wofiira. Tili chiimire inadutsa sitima ya malasha, nthaka kuchita kunjenjemera kumapazi, mabogi ndinawerenga mpaka ndinasokonezeka. Nditapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje panatsala chizindikiro chakuda. Kuchokera pa njanji kufika pa chikhomo choyamba ndinaponda mapazi makumi atatu. Mtengo akuti 85,000. Ndinapereka chikole cha 15,000 ndipo anandilembera kapepala ka pamanja.

Funso langa ndi ili. Alipo wamva za sitimayi? Nanga boma likafuna kumanga chinthu chotere limayamba bwanji, kuti ife anthu wamba tidziwe kuti ndi zoona? Ndimalize kulipira kapena ndidekhe?

Mnyamata wa txopela:
Amayi chithunzicho tiikireni pano tichione. Ine ndimayenda msewu wa Moatize tsiku ndi tsiku ndi txopela yanga, njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu, ndikanakhala woyamba kulira chifukwa sitima imeneyo ikanandilanda makasitomala.

Mbadwa ya Moatize:
Achemwali, ndinabadwira kuno ndipo njanji ndimaidziwa ngati njira ya kudambo. Njanji ya Sena imachokera ku Beira, kudzera pa mlatho wa Dona Ana ku Mutarara, n'kudzathera kuno ku Moatize. Inayo ndi ya Nacala, imachoka kuno kudutsa m'Malawi mpaka ku doko la Nacala-a-Velha, makilomita oposa 900. Mumzinda wa Tete mulibe njanji ndi chidutswa chomwe. Ndiye kuti sitima ikutuleni ku Matundo, ayambe ayala njanji yatsopano ndi kumanga mlatho wake pa mtsinje wa Revúbuè. Kuti ikafike kutsidya kumene kuli maofesi, awolotse Zambezi. Milatho iwiri ilipoyo, wa Samora Machel ndi wa Kassuende umene anatsegula mu 2014, yonse ndi ya magalimoto. Ntchito yotero siingayambe mobisa, dobadoba yekha n'kumaidziwa.

Wokonda Tete:
Inu musamangotsutsa chilichonse. Magetsi a Cahora Bassa ali m'chigawo chathu chomwe chino, akupita mpaka ku South Africa. Chingaletse n'chiyani kuti ifenso tikhale ndi sitima ya magetsi? Addis Ababa anatsegula yawo mu 2015. Kodi ife tinabadwira kupachikana m'chapa dzuwa la madigiri 40 lili pamutu?

Mbadwa ya Moatize:
Achimwene, sindikukana kuti tikuifuna. Mu January 2022 mlatho wa Revúbuè utaduka ndi madzi a namondwe Ana tinazunzika tonse, kuzungulira ku Benga kuti tikafike kuntchito. Koma mayiwa sakufunsa ngati tikuifuna. Akufunsa ngati apereke 70,000 Loweruka.

Nachisale wa ku Ulongué:
Chithunzi ndi ichi ndaikachi. Ananditumizira alamu pa WhatsApp.

Mnyamata wa txopela:
Hahaha amayi, taonani anthu aima pa siteshonipo avala majekete a mphepo ndi zipewa za ubweya. Ku Tete kuno? Ngakhale ku Tsangano kozizirako savala chonchi.

Agogo a ku Chingodzi:
Mwana wanga, ndinagwira ntchito yoyeza malo m'mapulojekiti a misewu kufikira nditapuma, ndiye ndikuuze mmene zinthu izi zimayendera. Njanji ndi msewu njira yake ndi imodzi, kungoti njanji imadya ndalama zambiri.

Choyamba chimene umaona si zikhomo, ndi anyamata okhala m'mbali mwa msewu ndi mapepala, kuwerenga machapa, njinga zamoto ndi anthu odutsa, m'mawa ndi madzulo, kwa masiku ambiri. Ena amalowa m'makomo kufunsa kuti mumapita kuti, nthawi yanji, mumalipira zingati. Chifukwa chake n'chakuti sitima imalipira ngongole yake pokhapokha ikamadzaza tsiku lonse, osati m'mawa wokha. Mzinda wa Tete pa kalembera wa 2017 unali ndi anthu oposa 300,000 pang'ono. Maputo payekha ndi oposa miliyoni, Matola nayenso chimodzimodzi. Owerengera ndalama akaona manambala ngati athuwa, kawirikawiri amayamba aganiza za mabasi akuluakulu ndi kukuza msewu, sitima imabwera pambuyo.

Zikatero amajambula njira zingapo, osati imodzi, n'kuziyerekeza. Apa ndi pamene ndikufuna umvetse. Pa nthawi imeneyi ngakhale injiniya wamkulu sadziwa pamene siteshoni idzakhale, chifukwa akuyembekeza oboola nthaka amuuze pamene pali thanthwe, pamene madzi a Revúbuè amafika chaka cha chigumula, ndi nyumba zingati zidzagwe akadzera uku kapena uko. Ine ndinakhomapo zikhomo pa njira ina, patatha chaka tinakazizula tokha chifukwa msewu unasunthira kwina. Anthu amene anathamangira kumanga timagolosale motsata zikhomo zathu anatsala akuyang'ana tchire.

Kenako pamabwera kafukufuku wa zachilengedwe, ndipo ameneyu sachitika m'chipinda. Amaitana anthu ku misonkhano, amalengeza pa wailesi ndi m'nyuzipepala, mafumu ndi masekeretariyo a mabairro, akuluakulu a madera a m'tauni, amalandira makalata. Ngati pali oti asamutsidwe, lamulo la Decreto 31/2012 limalamula misonkhano ya anthu onse yosachepera inayi. Ndalama nazo ziyenera kuoneka poyera, kaya mu bajeti ya boma imene imadutsa ku nyumba ya malamulo, Assembleia da República, kaya ngongole ya banki yakunja, ndipo ntchito yomanga amaitsatsa kuti makampani apikisane. Zonsezi zimatenga zaka, osati miyezi.

Ndiye funsa wekha. Sekeretariyo wa bairro imeneyo anaitanapo msonkhano? Pa Rádio Moçambique unamvapo? Ine ndimamvera tsiku lililonse ndipo makutu anga akadali bwino.

Nachisale wa ku Ulongué:
Zikomo agogo. Msonkhano sindinamvepo. Koma iwo akuti sitimayo idzangoyenda pa njanji ya malasha yomweyo, ndiye sipafunika zambiri.

Mwana wa ku Domué ali ku Matola:
Amayi, zimenezo ndi zomwe zikuchitika kuno, ndipo ndakwerapo. Metrobus inayamba kumapeto kwa 2017, masitima ake ndi akale ochokera ku New Zealand, amayenda pa njanji za CFM, kampani ya boma ya njanji, zomwe zinalipo kale, ukatsika n'kukwera basi yawo. Zinatheka chifukwa njanjizo zimalowa mpaka pakati pa Maputo, pa siteshoni yaikulu ya ku Baixa. Kwathuko njanji yathera ku Moatize, ndiye idzayenda pati kuti ikafike ku Tete? Komanso cha m'ma 2011 kunamveka za sitima yatsopano ya Maputo ndi Matola, mpaka kusainirana ndi kampani ya ku Italy, koma sinamangidwe. Mu 2022 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 250 miliyoni a mayendedwe a mu Maputo, ndipo mtima wa pulojekitiyo ndi mabasi oyenda mu msewu wawowawo, osati sitima. Kulikulu kwenikweni zikuyenda chonchi.

Wokonda Tete:
Ndiye mukuti tizingokhala? Amene anagula malo ku Matema kuno ku Tete kalekale lero akudyerera. Wamantha sagula malo.

Namaseko:
Achimwene, ku Matema sikunali pa mapazi 30 kuchokera pa njanji. Anachisale, siyani kaye za sitima, mvetserani izi chifukwa ndi zimene zingakugwetseni ngakhale sitimayo itabweradi mawa. Lamulo la malo la 1997, Lei 19/97, limati mamita 50 mbali iyi ndi mamita 50 mbali inayo, kuyeza kuchokera pakati pa njanji, ndi malo otetezedwa. M'menemo munthu sapatsidwa DUAT, chikalata cha ufulu wogwiritsa ntchito malo, zimene zimatheka ndi chilolezo chapadera cha ntchito zina basi. Phazi la munthu wamkazi poyenda silikwana mita. Mapazi anu 30 aja mwina ndi mamita 20 kapena 25. Ndiye mbali ya malowo, kapena onse, ali m'kati mwa malire a njanji. Mukamanga pamenepo tsiku lina adzalemba X pakhoma, ndipo mukadzafunsa chipukuta misozi adzakufunsani kuti anakulolani ndani.

Chinanso, m'dziko muno nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa. Chimene munthu amakugulitsa ndi zimene waikapo, nyumba, maziko, mitengo yobzala. Pamenepo mwati pali mtengo wa masawu womera wokha. Ndiye 85,000 mukugula chiyani? Mufunseni wogulitsayo akuonetseni DUAT kapena pepala la ku munisipiyo lokhala ndi dzina lake, mupite nalo nokha ku ofesi mukafunse ngati ndi lenileni. Musapite ndi iye, musapitenso ndi alamu.

Bambo a mapasa:
Nkhani ya chipukuta misozi anthu amaitenga ngati lotale. Kumbukirani za Cateme. Mabanja oposa 700 anawasamutsira kumeneko m'zaka za 2009 ndi 2010 chifukwa cha mgodi, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku Moatize, kutali ndi msika. Mu January 2012 anakatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Amenewo anali eni nthaka enieni, makolo awo anagona pomwepo. Nanga inu obwera ndi kapepala ka pamanja? Komanso akamalemba oti alipidwe amaika tsiku lotsekera kalembera, womanga pambuyo pa tsikulo sawerengedwa. Mayi wogulitsa kachewere mukamuika kutali ndi msika mwamupha ndi njala ngakhale mutamupatsa nyumba ya malata.

Mayi a Chisomo:
Ine langa ndi lina. Bambo a kunyumba akuti chiyani? Chifukwa nkhani za alamu zimavuta, ukakana umaoneka wamwano, ukalola ndalama zapita ndipo sungakawasumire. Ndalama ya xitique ndi thukuta lanu amayi, mwanyamula matumba inu.

Nachisale wa ku Ulongué:
Amayi a Chisomo mwandigwira pamtima. Bambo akuti achimwene awo sangatinamize. Ndikaumirira mafunso amangoti ndiwe wovuta. Ndiye ndimafuna ndikhale ndi poyambira polankhula nawo.

Agogo a ku Chingodzi:
Usakangane nawo za m'bale wawo, pamenepo sungapambane. Mwinanso alamu akowo anamizidwa ngati iwe. Gula chingwe, uyeze mamita 50 ndi tepi ya mmisiri, upite ndi amuna ako akagwire okha nsonga imodzi. Koma usakaime pa njanji, yezera chapambali ndipo uonetsetse kuti sikukubwera sitima, ija ya malasha siima msanga.

Mnyamata wa txopela:
Ngati mukufuna wokuperekezani ndilipo, mtengo tigwirizana. Sitima isanabwere tidyeretu.

Nachisale wa ku Ulongué:
Ndabweranso abale. Dzulo tinapita ndi bambo, chingwe tinabwereka kwa mmisiri amene akumanga pafupi ndi kwathu. Anagwira okha monga ananenera agogo. Chingwe chinadutsa zikhomo ziwiri zoyamba, chinadutsa mtengo wa masawu, n'kukathera patangotsala mapazi anayi kuti chifike pa zikhomo zakumbuyo. Bambo sanayankhule kanthu, anangokhala pansi pa mtengo paja n'kuyamba kutola masawu.

Tili pomwepo anatulukira mayi wina wa nyumba yoyandikana, kutifunsa ngati ifenso tagula. Akuti chaka chino ndife achitatu kubwera kudzaona zikhomo zomwezo, ndipo utoto wofiirawo amaupakanso mwezi ndi mwezi. Za sitima ya m'tauni anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Lero m'mawa ndinapita ku ofesi monga ananenera a Namaseko. Bambo amene ndinawapeza anayang'ana kapepala kanga, n'kundibwezera osanena zambiri, anangoti m'mabuku mwawo mulibe dzina limenelo pa malo amenewo. Mwini malo uja ndamuimbira kanayi, foni ikungoitana. Alamu akuti ali ku Zóbuè abwera Lachiwiri.

Tsono 70,000 ili ndi ine. Funso latsala ndi la 15,000 ija. Pa kapepalapo pali dzina lake, saini yake ndi ya alamu ngati mboni. Ndiyambire kwa sekeretariyo wa bairro, kupolisi, kapena ndidikire Lachiwiri tikhale pansi ngati banja? Bambo akuti tidikire. Ine mtima ukukana.