Agalu akundithamangitsa m'mawa, nditani?

Wa_ku_Nchalo: Abale ndithandizeni. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, ndiye ine ndimathamanga cha m'ma 5 koloko m'mawa mumsewu wa M1 kulowera ku Ngabu, koma agalu a m'makomo amangotuluka chigulu kumandilondola mpaka ndimabwerera panjira. Ndizitenga ndodo kapena ndingosiya?

Mlongo_wa_Bangula: Achimwene musamawonjezere liwiro, galu simungamupose ndipo mukathawa ndi pomwe amalusa. Imani, mutembenukire cham'mbali, manja pansi, osamuyang'ana m'maso, kenako muziyenda pang'onopang'ono mpaka mutadutsa pakhomo pakepo. Kuwerama ngati mukutola mwala kumathandizanso, agalu akumudzi amazidziwa zimenezo.

Mlimi_Ngabu: Inunso mutimvetse, agaluwa timawasunga chifukwa cha akuba mbuzi ndi ng'ombe, usiku sitingawamange ayi. Koma kukangocha anga ndimawamanga pamtengo wa nimu kuseri, chifukwa ana asukulu amadutsa pomwepo ndipo akaluma munthu mlandu ndi wanga. Pitani masana mukalankhule ndi eni ake mwaulemu, akakana nkhani ipite kwa amfumu. Zogenda galu wa mwini musayambe.

Mayi_a_Tadala: Ine changa ndi chiwewe basi. Akakulumani, ngakhale kukukandani chabe, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osamanga nsanza, mupite kuchipatala tsiku lomwelo mukabayitse katemera chifukwa zizindikiro zikayamba munthu sachira. A Mlimi, anuwo anabayidwa chaka chino?

Mlimi_Ngabu: Awiri anabayidwa mayi, kamwanako ndikudikira alangizi a ziweto abwere.