Ndithandizeni manga achikondi ofewetsa mtima, opanda misozi

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse m'gulu muno. Funso langa likupita kwa inu owerenga manga, timabuku ta zithunzi ta ku Japan tija.

Sabata yachitatu ino ndili gadiyani kuchipatala, ndikudwazika mayi anga. Usiku iwo akagona ine tulo sitibwera msanga. Ndimayala chitenje pansi pafupi ndi bedi lawo, foni ndaichepetsa kuwala kuti ndisadzutse anzanga m'wodimo, n'kumawerenga. Yandisunga masiku onsewa ndi Ore Monogatari!!, yolembedwa ndi Kazune Kawahara, zithunzi za Aruko. Dzulo ndamaliza buku la 13, momwe nkhani yaikulu imathera, ndipo ndangoti kakasi.

Amene simunaiwerenge: Takeo ndi chimnyamata chadzitho, nkhope yoopsa, moti atsikana onse amathamangira mnzake Sunakawa. Tsiku lina amapulumutsa Yamato kwa bambo wina amene ankamugwiragwira m'sitima, ndipo mtsikanayo amabwera kudzathokoza ndi keke yophika yekha. Takeo amayesa kuti kekeyo ndi njira yofikira kwa Sunakawa! Chondisangalatsa n'chakuti sachedwa kumvana. Chibwenzi chimayamba koyambirira, kwinako n'kumangoona anthu awiri akukomerana mtima.

Ndikufuna ina yotero. Yoseketsa, yokoma, yopanda imfa kapena matenda, chifukwa zimenezo ndikuziona ndi maso. Zamaliseche ayi, foni yanga amaisuzumira anthu ambiri kuno.

Woyankha woyamba:
Pepani achemwali, Mulungu awakhudze mayi. Yambani ndi Horimiya ya HERO ndi Daisuke Hagiwara, inatuluka kuyambira 2011 mpaka 2021. Hori kusukulu ndi mtsikana wotchuka, koma akaweruka amathamangira kunyumba kukaphika ndi kulera mlongo wake wamng'ono, Souta. Miyamura m'kalasi ndi wamagalasi, wofatsa ngati sadziwa kanthu, koma kunja ali ndi ndolo m'makutu ndi zojambula pakhungu (ma tattoo). Aliyense amatulukira chinsinsi cha mnzake, n'kusungirana. Muli masamba ochepa okumbukira mmene Miyamura ankasalidwira ali wamng'ono, koma sakhalitsapo.

Wachiwiri:
Your Lie in April! Ndi yokongola kwambiri.

Wachitatu:
Ayi achimwene, imeneyo asaiyandikire panopa. Mwawerenga bwino zimene alemba? Muli chipatala ndi maliro momwemo. Ndi yabwino, koma nthawi yake si ino.

Sisi, inu tengani Teasing Master Takagi-san ya Soichiro Yamamoto. Mabuku alipo 20, koma mutu uliwonse ndi kankhani kakafupi koima pakokha, ndiye anesi akakuitanani mutha kusiya osataya kanthu. Nishikata ndi Takagi amakhala moyandikana m'kalasi. Tsiku lililonse mnyamatayo amakonza nzeru yoti amuchititse manyazi mtsikanayo, koma wogwa mu msampha amakhala iye mwini, nkhope ili psuu. Ife owerenga timaona poyera kuti Takagi amamukonda, mwini wake yekha ndiye sakuona. Ana ake ndi aang'ono, palibe chochititsa manyazi ngakhale agogo atasuzumira.

Wachinayi:
Palibe watchula Skip and Loafer ya Misaki Takamatsu? Mitsumi amachoka kumudzi kwawo m'mbali mwa nyanja ku Ishikawa kupita kukaphunzira ku Tokyo. Tsiku loyamba lenilenilo amasochera pa siteshoni, ndipo Shima, mnyamata wa sukulu yomweyo amenenso wachedwa, amamuperekeza. Ine ndinasankhidwa kuchoka kumudzi kupita kusekondale ya m'tauni, ndiye Mitsumi akamaimbira foni mnzake wakumudzi madzulo kumufotokozera za tsikulo, ndimadziona ndekha. Chikondi chake chimayenda pang'onopang'ono, ndinene zoona. Kukoma kwake kuli pa ubwenzi wa anawo.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo abale, ndikulemba zonse. Nanga Kimi ni Todoke? Ndimaimva kwambiri.

Wachitatu:
Ndi yokoma, koma mabuku 30, ndipo Sawako ndi Kazehaya amachedwa zedi kuululirana. Mulinso kulira ndi kusamvetsetsana kwambiri. Isungeni mpaka mayi atatuluka.

Wachisanu:
Poti mwati mumakonda zoti amvane msanga, yanu ndi You and I Are Polar Opposites ya Kocha Agasawa. Suzuki ndi wolongolola, amasamala kwambiri zimene anzake anganene. Tani ndi wachete, koma akalankhula amanena zimene zili mumtima basi. Nkhani yongoyamba kumene amakhala atagwirizana kale, ndipo anzawo m'malo mochita nsanje amangosangalala nawo. Ili pa Manga Plus, apu ya kampani ya Shueisha, m'Chingerezi, ndipo mitu yoyambirira ndi yaulere. Masamba ake ndi akuda ndi oyera, sadya bandulo ngati makanema.

Mukafuna ya anthu akuluakulu apantchito, pali Wotakoi ya Fujita, mabuku 11. Narumi ndi Hirotaka anadziwana ali ana, n'kudzakumananso mu ofesi imodzi.

Membala wosatchula dzina:
Mwandithandiza koposa. Foni ndaisiya pa chaja kwa mayi wina wa bedi loyandikana nafe, ikadzadza ndiyamba ndi ya Suzuki ndi Tani usiku uno, kenako Takagi-san. Mayi lero amwa phala kapu yonse, ndipo adokotala akuti mwina Lachisanu tituluka.